Gitala ya pa Foni ya Amake Linda

Ine ndimatchaja mafoni pa Santhe. Ndili ndi kashopu ka malata kuseri kwa okonza njinga, sola padenga, ndi benchi limodzi panja lomwe mwendo wake wina ndi njerwa. Anthu amasiya foni n'kupita zawo mumsika. Amene amakhala pabenchipo kudikira ndi a Yobu okha, ndipo za iwowo ndi zimene ndikufuna kunena, chifukwa zandikwana kuzisunga ndekha.

A Yobu ndi mlimi wa fodya. Mudzi wawo uli kutsidya kwa dambo, mtunda woti pa njinga umafika thukuta lili kamukamu. Ndi munthu wamtali, wowerama pang'ono, zala zili bii ndi utomoni wa fodya umene sopo anaulephera kalekale. Kumunda ndiye musanene, mizere yawo mungaiyeze ndi chingwe. Koma pakamwa, abale anga, mpouma. Ukawapatsa moni amayankha theka, theka linalo umalize wekha. Kutchalitchi amakhala kumbuyo, anzawo akuimba iwo akungogwedeza milomo. Paukwati sanavinepo. Wailesi ya m'nyumba mwawo ankaifuna pa nthawi yolengeza mitengo ya fodya ku okushoni basi, ikangoyamba nyimbo ankatuluka kukaona ng'ombe.

Akazi awo, a Gladness, amene tonse timawatchula kuti amake Linda, kwawo ndi cha ku Nkhamenya. Anabwera kuno adakali mtsikana, ndipo anasoka fodya wa a Yobu mpaka imvi kutuluka. Iwo ndiye anali pakamwa pa nyumba imeneyo. Kuseka iwo, kulonjera alendo iwo, kukalipira mbuzi iwo. Ana anakula n'kumwazikana, Linda mwiniyo ali ku Lilongwe. Panatsala anthu awiri, wina wolankhula, wina womvera.

Chaka chimene zinthu zinasokonekera, mayi awo a amake Linda anamwalira nthawi yosankha fodya. Uthenga unafika m'mawa kuli nkhungu, tsiku loti fodya wa m'chigafa wafewa bwino, ukamugwira sakuphwanyika. Olima fodya amaudziwa m'mawa wotero, dzuwa likangokwera masamba amaumanso n'kuyamba kufumbutuka m'manja. A Yobu anauza akazi awo kuti atsogole, iwo atsitse kaye fodyayo, abwera m'mbuyo. Mawa lake kunachanso nkhungu. Mkucha chimodzimodzi. Apongozi analowa m'manda mkamwini ali m'chigafa. Ine sindibisa mawu: anachita zopusa. Fodya ndi masamba chabe, anthuni.

Amake Linda sanabwerenso. Ankhoswe anapita, anabwerako ndi yankho loti mayiwo adakali kulira. A Yobu eni ake anapalasa njinga mpaka kumeneko, anakhala pakhonde, anavula chipewa. Anthu anadikira kuti munthu apepese. Iwo anangoti, "Ndabwera." Kenako anawonjezera kuti, "Fodya uja wagulidwa bwino." Mayiwo ananyamuka n'kukalowa m'nyumba, ndipo sanatulukenso mpaka njinga inabwerera.

Kuyambira pamenepo chinatsala ndi foni. Kumudzi kwa a Yobu netiweki imachita kusakidwa pachulu, ndiye tsiku la msika lililonse amabwera kwa ine, foni yatha moto. Ndikaitchaja amakhala pabenchi n'kuimbira akazi awo, kufuna chinthu chimodzi chokha, kuti ayankhe ndi kubwerera kunyumba. Kafoni kawo kanagwerapo m'madzi ku nazale, kasipika ka kukhutu sikamveka, ndiye amaika pa laudi. N'chifukwa chake zonsezi ndinazimva ndi makutu angawa.

Poyamba inkangoitana monga mafoni onse, tuu, tuu, mpaka kudula. Tsiku lina m'malo mwa tuu kunamveka gitala.

Gitala yokha, popanda ng'oma, popanda munthu woimba mawu. Inkayamba ndi waya wonenepa uja, ndu, ndu-ndu, ndu, mosafulumira. Kenako kankalowa kawaya kowonda, kolira pamwamba, n'kumazungulira pamenepo mokoma kwambiri moti ine ndinaleka kupukuta mashelefu. Pamene kanayamba kukwera, mayi wa kukampani ya mafoni uja analowerera n'kunena kuti nambalayo sikuyankhidwa. A Yobu anayang'ana foni, anayang'ana ine, anaimbanso. Tsiku limenelo ndinawatchajira kawiri.

Anthu odutsa ankaima. Wina wogulitsa tomato anafunsa kuti, "Kodi ayamba liti kuimba?"

"Akuimba kale," anatero a Yobu, maso ali pafoni.

"Mawu ake ali kuti?"

Mayiyo anachoka akuseka, akuti nyimbo yopanda mawu ili ngati ndiwo zopanda mchere.

Ine ndinawauza zoona monga ndimazidziwira. Ndinati, "A Yobu, zimenezi ndi za kampani. Amatumiza timauthenga, munthu ukadina molakwika basi yakukakamira. Mayi aja mwina sanasankhe n'komwe."

A Yobu anapukusa mutu. Kenako anati, "Mayi Lefina, nyimbo zilipo zambiri. Za kwaya zilipo, za achinyamatazi zilipo. Nanga bwanji iyi yopanda mawu? Amake Linda amandidziwa ine. Andiikira yofanana nane."

Ndipo ndikuuzeni, m'kupita kwa masiku inenso ndinayamba kukhulupirira.

Munthu uja amene ankathawa wailesi anasanduka katswiri womvera gitala. Ankakhala pabenchi, chipewa pabondo, mutu atapendeka, chala chakuda chija chikugogoda pa thabwa. Ikadula ankandiuza mmene wayimvera. Tsiku lina amvekere, "Lero kakang'ono kaja kakudandaula." Tsiku lina, "Lero mtima uli pansi kumeneko."

Ndimati, "Inu a Yobu, ndi yomwe ija ya sabata yatha. Siisintha."

"Simunamvetsere bwino," ankatero.

Pa magolosale paja pamene masipika amaphokosera tsiku lonse, ndinawaonapo ataimitsa njinga, phazi limodzi pansi, akudikira malo amene woimba amapuma n'kutsala gitala yokha. Woimbayo akayambanso, iwo ankatsonya n'kupalasa. Anandidandaulira kuti oimba a masiku ano ndi adyera, amaphimba gitala ndi pakamwa pawo. Ndinaseka mpaka misozi. Munthu amene moyo wake wonse sanathe kusiyanitsa nyimbo ya maliro ndi ya ukwati, lero akuweruza oimba.

Chimene chinkawawawa n'choti nyimboyo ankaidziwa theka. Nthawi zonse mayi wa kukampani ankaidula pamalo amodzimodzi. Ndinawatumiza kwa Fumbani, bambo wa kompyuta amene amaika nyimbo m'mafoni a anthu. Fumbani anafunsa dzina la nyimbo, iwo sakulidziwa. Anafunsa woimba, sakumudziwa. Anati atchuleko mawu ake angapo, mawu mulibe. Anaimba nambala ya akazi awo kuti Fumbani amve yekha, iye anamvetsera, anapukusa mutu, n'kuwapatsa nyimbo zina za magitala zodzaza kakhadi. A Yobu anazimvera zonse kunyumba. Anabwera n'kunena kuti zina n'zokoma ndithu, mwinamo muli ina imene gitala yake imathamanga ngati mwana wa mbuzi, koma palibe imene ikulankhula ndi iwo.

Kunyumbako amakhala okha. Mlamu wanga amadutsa kumeneko popita kudimba, amati khonde limene amake Linda ankazira ndi dothi lakuda linang'ambika lonse, nkhuku zimalowa mpaka kuchipinda. Amati ukadutsa pafupi ndi chigafa umamva munthu akung'ung'udza, ndu, ndu-ndu, ndu, kenako kamluzu. Akafika pena pake amaleka, n'kuyambiranso poyamba. Zinandimvetsa chisoni kwambiri. Ineyo amuna anga anamwalira, ndimadziwa mmene nyumba imakulira ukatsala wekha, koma ine ndili ndi pakamwa, ndimakalipira makasitomala tsiku n'kutha.

Zinapita choncho mpaka fodya wina anadzalidwa, kuthyoledwa, kudindidwa. Ndiye linafika tsiku lina la msika m'chilimwe, nthawi yothirira nazale, kukutentha koti malata a kashopu kanga ankachita kulira. A Yobu anaimba monga mwa masiku onse. Waya wonenepa unayamba. Kowonda kanalowa. Mwadzidzidzi gitala inati zii, ndipo kunamveka mawu a munthu.

"Halo."

Anali amake Linda. A Yobu anatsegula pakamwa, ndipo mawu oyamba amene anauza akazi awo atasiyana nthawi yonseyi anali akuti, "Mwadula nyimbo."

"Nyimbo yanji?"

"Ya gitala. Imene munandiikira."

"Ine kukuikirani nyimbo? Yayi, bambo a Linda. Kuno foni imangolira mmene imalirira. Palibe gitala imene ndinaimvapo ine."

Ndi mmene zimakhalira zimenezi. Nyimbo yotere amaimva ndi amene akuimba foni yekha, mwini foni saimva. Mayiwo sankadziwa n'komwe kuti ilipo.

Anapitiriza, mawu ali ouma koma osakalipa. "Ndayankha chifukwa Linda wandichonderera. Akuti simulumphitsa tsiku la msika. Ndiye nenani chimene mukufuna kunena, ndikumva."

Ndinagunda a Yobu ndi phazi, n'kunong'ona kuti, "Nenani pepani."

Sanandiyang'ane. Anagwira foni ndi manja awiri n'kuyamba kulankhula, ndipo chiwadziwireni sindinawamvepo akulankhula motalika chotero.

"Imayamba ndi waya waukulu, amake Linda. Umayenda wokha, ngati munthu wopita kumunda, suyang'ana kumbali. Kenako kamabwera kakang'ono, kokoma mawu, kamaulankhula. Waukuluwo suyankha, umangoti ndu, ndu, pomwepo. Kakang'ono kamabwereza. Kamabwerezanso. Waukulu uli ndu, ndu. Ndiye kamatopa, kamayamba kukwera, kumapita kutali. Pamenepo waukulu uja umamveka wokha, ndipo sukoma. Sukoma ngakhale pang'ono. Basi amadulira pomwepo. Ine sindidziwa ngati kamabwerera."

Ine ndinamva zonse zimene ankatanthauza, misozi ili chuchuchu. Koma ine ndinali nditaimvera gitalayo miyezi yonseyi. Mayi aja anali asanaimvepo.

Kufoni kunamveka tambala wa ku Nkhamenya. Kenako anati, "Mayi anga ndinawaika ndekha, inu muli m'chigafa. Anthu ankandifunsa kuti amuna anu ali kuti, ine mutu uli pansi. Lero ndakupatsani khutu, mukundiuza za mawaya." Anawonjezera kuti, "Kani mayunitsi anga amathera ku gitala imeneyo. Ndiwauza ana aichotse."

Foni inadulidwa.

Ndinawakalipira, ndipo sindinasankhe mawu. Ndinati munthu wamkulu, imvi zili mbuu, kulephera liwu limodzi limene mwana woyamba sukulu amalidziwa. Iwo anangoti, "Ndanena zonse."

"Kwa ine mwanena. Kwa eni ake simunanene kanthu."

Anavala chipewa, anakankha njinga mpaka kumsewu osaikwera. Anaiwala ndi mchere umene anagula, ndinachita kuwatumizira.

Msika wotsatira ndinkaganiza kuti sabwera, koma anabwera, atavala malaya a kutchalitchi. Sanandipatse moni ngakhale theka lija. Foni itadzaza anakhala pabenchi n'kudina nambala. Tuu. Tuu. Gitala kulibe. Anamvetsera mpaka inadula. Anaimbanso, mwina poganiza kuti netiweki yasokoneza. Tuu. Tuu. Chala chija chinali chitakonzeka pa thabwa, koma chinasowa chogogodera.

Ulendo wachitatu anavula chipewa, anayandikitsa foni pakamwa, ikuitanabe.

"Pepani, amake Linda," anatero. "Ndinalakwa. Ndinayenera kubwera kumaliro. Pepani."

Anazinena momveka bwino, moti wokonza njinga anaimitsa pampu n'kutembenuka. Kumene kuja kunalibe amene anayankha. Foniyo inaitana mpaka kudula yokha.