Maluwa a ku Linga Lakale

Chaka chomwe fakitale yathu ya ku Clondalkin, kuno ku dziko la Aairishi, inatsekedwa, ndinakhala pakhomo miyezi isanu. Mkazi wanga ankagwirabe ntchito yosamalira okalamba. Ine ndinkangoperekeza ana kusukulu n'kubwerera kudzakhala pawindo. Tsiku lina Misa itatha, bambo mfumu a parishi yathu, Mmalawi mnzathu, anandiimitsa pakhomo la tchalitchi.

"Achimwene, kukhala kumeneku kukudwalitsani," anatero. "Ku linga lakale lija akufuna anthu odzipereka. Malipiro palibe, koma tiyi aliko."

Lingalo linali la miyala, mizinga yake inachotsedwa kalekale. M'kati mwake ankakonza munda wa maluwa wokumbukira anthu a m'deralo omwe anapita ku nkhondo ziwiri zikuluzikulu zija. Ndinkapitako Lachiwiri ndi Lachinayi, pa mabasi awiri. Anzanga ambiri anali amisiri omanga nyumba omwe ntchito inawathera ngati ine. Dothi lake linali miyala ndi zidutswa za njerwa zokhazokha. Khasu kunalibe, ndiye ndinaphunzira kukumba ndi fosholo yoponda ndi phazi.

Wotiyang'anira anali mkulu wina wachiairishi, waimvi mbuu, wosalankhulalankhula. Tsiku lina tikumwa tiyi titakhalira wilibala, anandiuza za bambo ake. Anamenya nawo nkhondo yachiwiri m'gulu la Angerezi, koma atabwerako anabisa mamendulo awo m'kachitini ka mabisiketi, poti anthu apafupi ankawanena kuti anagulitsa dziko pothandiza Angerezi, atsamunda awo akale. Mpaka imfa yawo sanakambepo za kunkhondoko.

"Agogo anganso anapita," ndinatero. "Ku Burma."

Anaika kapu pansi. "Amalawi analiko ku nkhondo imeneyo?"

Ndinamuuza zochepa zomwe ndinkadziwa. Anawatenga ali mnyamata, anabwerako ndi chikhoti chachikulu ndi nsapato zomwe sankazivala, ndipo kukagunda bingu ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ife ana tinkawaseka.

Mkuluyo anandipempha kuti ndilembe dzina lawo papepala, ndipo anapita nalo ku komiti yoyang'anira mundawo kuti lilembedwe pa mwala wa mayina a asilikali. Patatha masabata awiri anabwera nkhope itagwa. Komiti inati mwala wa mayina ndi wa anthu a m'deralo okha. Ine sizinandipweteke kwenikweni, poti sindinayembekezere kanthu, koma iye anakwiya tsiku lonse. Madzulo ake anatulutsa kamtengo kakang'ono m'galimoto yake.

"Aka sikali pa mapulani awo," anatero. "Kadzaleni pomwe mukufuna."

Ndinakadzala pakona, pafupi ndi khoma loyang'ana kum'mawa. Chikwangwani sitinaikepo.

Tsiku lotsegulira mundawo kunagwa mvula yowaza. Kunabwera nkhalamba zovala mamendulo, wina analiza lipenga, anthu n'kukhala chete kwa kanthawi. Ndinawaonetsa ana anga kamtengoko ndi kuwafotokozera m'Chichewa kuti n'ka agogo a bambo awo. Wamkulu anafunsa m'Chingerezi ngati agogowo anaphapo munthu. Ndinamuuza kuti sindikudziwa, ndipo ndi zoona. Wamng'ono ankangodandaula kuzizira.

Mwezi wotsatira ndinapeza ntchito yopakira katundu ku Coolock, ndipo ndinasiya kupita ku linga. Ndinabwererako kamodzi kokha, chaka chinacho, Loweruka. Mkulu uja sindinamupeze. Kamtengoko kanali katafika m'chifuwa, ndipo wina anali atakamangirira ku chikhomo ndi chingwe chabuluu kuti mphepo isakathyole.