Dzina la msilikali pakhonde pa achemwali

Sabata yathayi kwathu ku Nsanama kunali alendo. Limbani, mwana wa malemu achimwene anga, amene anapita kusukulu ku Australia n'kukwatira komweko, anabwera kudzationetsa mkazi wake Emma ndi khanda lawo lalimuna.

Tinakhala pakhonde pa achemwali anga a Estere, omwe kwa Limbani ndi azakhali. Anamunyamula mwanayo, kumuyang'ana makutu ndi zala, mpaka anakhutira kuti ndi wathu. Kenako anafunsa dzina.

"Arthur," anatero Emma.

Nkhope ya achemwali inasintha. M'makutu mwawo dzinalo linamveka ngati "Atha".

"Iyayi! Mwana wangofika kumene padziko, inu n'kumati atha? Watha ndani?"

Limbani pofuna kukonza anangowonongeratu. "Azakhali, ndi dzina la mchimwene wa agogo ake a Emma. Anafera kunkhondo."

"Ndiye wofa ndi chipolopolo! Ine dzina limenelo pakamwa panga silituluka."

Emma Chichewa amachimva pang'ono, koma nkhope ya azakhali siifuna womasulira. Anapempha mwamuna wake kuti azitanthauzira, iye n'kuyamba kufotokoza.

Akuti Arthur anakulira pafamu ya nkhosa, kudera louma kumene mvula imatha kudumpha chaka. Anali wamanzere. Ntchito yake inali kumeta nkhosa, ndipo mjigo ukawonongeka anthu ankaitana iye. Maungu sankawafuna n'komwe. Mayi ake akaphika, iye ankapatsira galu pansi pa tebulo.

Apa achemwali anang'ung'udza kuti munthu wokana maungu ndi wovuta.

Nkhondo Yachiwiri Yapadziko Lonse itabuka, Arthur anakalembetsa yekha. Anayamba kumenyera kuchipululu cha kumpoto kwa Africa, kenako anamutumiza ku New Guinea, kumapiri a nkhalango, mvula, matope ndi malungo. Kumeneko anamuika m'gulu lonyamula ovulala pamachira. Tsiku lina mnzake anawomberedwa mwendo n'kutsalira pamtunda, zipolopolo zikuuluka. Arthur anabwerera kukamutenga. Anamubereka, kutsika naye mpaka pafupi ndi anzawo, ndipo pomwepo chipolopolo chinamupeza. Anafa asanakwatire. Manda ake ali komweko, ndipo mayi ake anamwalira osawaona.

Nkhondo itatha, mnzake uja anafika pafamu akutsimphina, n'kuwauza mayiwo zonse. Anakhala nawo nyengo yometa nkhosa, kugwira ntchito imene Arthur akanagwira.

"Chaka chilichonse timakumana pabanja, timadya, wina n'kufotokoza nkhaniyi kuti ana amve," anamaliza motero Emma.

Achemwali anamuyang'ana mwana uja nthawi yaitali.

"Anabwerera kukatenga mnzake?"

"Eya, azakhali."

"Basi, anali munthu ameneyo."

Awerengi, chimene chinandigwira mtima ine si chipolopolo ayi. Ndi maungu aja. Mtsikanayu sanamuonepo Arthur, ngakhale mayi ake sanamuone, koma akudziwa dzanja limene ankadyera ndi chakudya chimene ankadana nacho.

Ife maliro timawadziwa. Timagona pasiwa, timaimba mpaka mawu kusasa, pakapita nthawi timamanga chiliza cha matailosi. Palibe angatiphunzitse kulira. Koma tikachoka kumanda, moyo wa munthuyo timausiya komweko. Funsani mwana wa sekondale dzina la agogo a bambo ake, muone mmene akandire m'mutu. Nanga amene anafera kutali, kunkhondo, kumigodi ya ku Joni, kumafamu a ku Halale? Amenewo ndiye alibe ngakhale mulu wa dothi woti tiloze.

Emma ndi amene anafunsa ngati kwathu kunalinso wina wopita kunkhondo. Ine ndinati ndinamvapo za bambo athu aang'ono, koma sindidziwa zambiri. Achemwali anandiyang'ana ngati ndanyoza.

"Juwawo," anatero. "Mng'ono wawo wa bambo. Makolo atachoka ku Mozambique n'kukhazikika ku Chikweo, iye ndiye anali woyamba kubadwira kuno. Anakwera lole ya asilikali, akuti anapita ku Burma, osabwerera. Anali ndi mpata kumano. Ankasoka mphasa zosalala kuposa aliyense, koma kuvina ankavina ngati akuponda moto. Bambo akamamukumbuka ankayamba ndi kuseka, kenako n'kutuluka panja."

"Achemwali, zonsezi mumazidziwa? Bwanji simunatiuze?"

"Munafunsa liti?"

Tinaseka tonse, ndipo ndinaona Limbani akubwereza dzinalo chapansipansi kuti lisamuthawe. Emma anayesa kulitchula, lilime likumupinda, mpaka kachitatu analitchula bwino, achemwali n'kumuwombera m'manja.

Mlandu wa dzina unathera pomwepo. Achemwali anagamula kuti mwanayo akhale Arthur Juwawo, anyamata awiri amene sanakumanepo, ofera nkhondo imodzi kutali ndi amayi awo. Anamulavulira timalovu pachipumi, namuuza kuti iye yekha akalambe, adye maungu, avine bwino.

Ndinabwerera ku Balaka, kumene ndimakhala, mtima uli m'malo. Sindikunena kuti tiyambe miyambo ya eni ake. Zathu tili nazo kale, zangokhala m'mitu ya anthu amene timawapatsa moni tsiku ndi tsiku n'kudutsa. Iwo sakubisa. Akungodikira wofunsa, ndipo sadikira mpaka kalekale.

Kwanu kulinso wina amene anakwera lole osabwerera. Amene akudziwa mmene ankasekera akadali moyo, mwina ali pakhonde pompano akusenda nandolo. Mukawafunsa liti?