Sungeni ndi Makope a Womasulira wa ku Bengal

Sungeni Kachingwe ndi mwana wa mlongo wanga. Anabadwira kwa Ganya ku Ntcheu, anaphunzitsa ana a Sitandade 3 ku Balaka zaka zisanu ndi zinayi, ndipo anabwera kuno ku Canada mu 2011, mwamuna wake atamwalira. Ntchito yake kuno ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwakumbutsa mankhwala. Ndimakhala naye nyumba imodzi ku Oshawa. Zimene ndikulemba pano zina ndinazimva kwa mwini wake, zina ndinaona ndi maso. Sindiwonjezerapo kanthu.

Kwa zaka zinayi ankasamalira nkhalamba ina, a Subimal Moitra, ochokera ku Bengal, m'dziko la India. Anali ndi zaka 89, akazi awo anamwalira kalekale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Arup, amakhala ku Oakville. Sungeni ankawaitana kuti agogo, iwo n'kumavomera.

M'chipinda cha pansi pa nyumba yawo munali bokosi lachitsulo, ndipo m'bokosimo munali makope 41 olembedwa pamanja. Anawalemba ndi agogo awo aamuna a nkhalambayo, a Bipradas Moitra, amene anali womasulira m'khoti la atsamunda Achingelezi. Munthu ameneyu ankamasulira zonena za mboni komanso makalata akale a malo. Analembanso mabuku awiri a mbiri ya boma la kwawo amene anasindikizidwa, koma mwini wake sankawawerengera, poti azungu anayamba awaona kaye n'kuchotsamo zimene sanazifune. Zoona zake ankazisunga m'makopemo. Mlimi akanena m'khoti kuti kapitawo anamukwapula mpaka kukomoka, woweruza n'kulamula kuti alembe zoti anangomudzudzula, a Bipradas ankalemba monga alamulidwira. Koma akafika kwawo ankalemba zonse ziwiri, mawu a mlimi kumanzere, mawu a woweruza kumanja, ndi dzina la mudzi. Ankayendanso m'midzi kufunsa okalamba za nthawi imene alimi ankakakamizidwa kulima mbewu ya utoto wa nsalu m'minda yawo ya mpunga.

Nkhalambayo inkawerenga makopewo ndi galasi lokulitsira zilembo, n'kumamasulira m'Chingelezi mokweza, Sungeni akuiwenga zikhadabo. Tsiku lina Sungeni atafika kunyumba anayamba kulankhula asanavule n'komwe jekete.

"Malume, thangata uja mumanena wa ku Thyolo, ku Bengal analikonso. Yemweyo!"

"Azungu ake anali omwewo," ndinatero. "Umayesa akanasintha chifukwa chowoloka nyanja?"

Arup sadziwa kuwerenga Chibengali. Ana ake sachilankhula n'komwe. Nkhalambayo inkadziwa zimenezi, ndiye inalankhula pafoni ndi mayi wina wa kulaibulale ya yunivesite ku Toronto, amene anati akufuna kuwaona makopewo. Mwezi wa Malichi inauza Sungeni kuti, "Galimoto muli nayo panjapo. Nyamulani bokosili lero, mukapereke kwa mayi uja."

"Agogo, ine kutuluka ndi bokosi m'nyumba mwanu? Aneba akandiona ati chiyani? Chisanu chikatha tipitira limodzi, mukapereke ndi manja anu."

"Mwana wanga, chisanu cha kuno chimatha anthu atatha kale."

Anaseka onse awiri. Nkhalambayo inamwalira pa 9 Epulo.

Anaiwotcha tsiku lachitatu, monga mwa mwambo wawo. Pamalirowo Arup anamugwira dzanja Sungeni n'kumuuza kuti, "Makiyi muli nawo. Tengani chilichonse chimene mukufuna m'nyumbamo." Ananena mwachidule, anthu ena akudikira kumupepesa.

Apa ndiyenera kunena za ku Balaka. Mwamuna wa Sungeni atamwalira, abale a mwamunayo anatulutsa filiji, matiresi ndi makina osokera mtembo udakali pabalaza. Iye anakhala pamphasa n'kumaona. Chiyambire tsiku limenelo, munthu wogwira katundu wa womwalira misozi isanaume amamuona ngati fisi. Choncho atabwera kuchokera kumaliro kuja anandifunsa.

"Malume, ndikatenge bokosi lija?"

"Wakuuza pamaso pa ndani?"

"Tinali awiri."

"Ndiye sanakuuze. Ndi mawu a chisoni amenewo. Katundu wa womwalira sakhudzidwa mpaka abale atakhala pansi n'kugawa anthu akuona. Iwe si m'bale, ndiwe wantchito. Mawa chikasowa chibangili cha amayi ake, adzaloza ndani?"

"Koma agogo ananena okha."

"Ukanene zimenezo pa tsiku logawa. Palibe angakane mawu a malemu."

Nkhalambayo inali itamuuzapo kale kuti kwawo amachita mwambo wotsanzikana ndi womwalira pa tsiku la khumi ndi chimodzi. Tonse awiri tinati tsiku logawa katundu ndi limenelo. Palibe anatiuza choncho. Tinangoganiza kuti anthu onse amachita monga timachitira ife. Makiyi anawapachika pamsomali wa kukhitchini kwathu, ndipo sanapondenso kunyumbako.

Mwambowo unachitikira kukachisi wawo ku Mississauga. Ndinamuperekeza. Anavala chitenje ndi duku, tinakhala kumbuyo, tinadikira mapemphero athe ndiponso anthu adye. Sitinaone wina akuitanitsa abale kuti akhale pansi. Anthu atayamba kuvala nsapato, Sungeni anapita kwa Arup, n'kugwada pang'ono.

"Achimwene, pepani. Ndimafuna ndidziwe kuti za katundu mukambirana liti. Bambo anasiya mawu pa bokosi lija la pansi."

Arup anamuyang'ana ngati sanamve. "Kukambirana ndi ndani? Ndilipo ndekha. Nyumba tinaikonza Loweruka lapitali, ogula akufuna kuiona. Kunabwera anthu awiri ndi lole."

"Nanga bokosi?"

"Bokosilo lili kwathu, akazi anga alikonda, akuti aikapo maluwa. Mapepala aja anali akununkha nkhungu. Anapita ndi lole." Kenaka nkhope yake inasintha. "Munkawafuna? Mayi, si ndinakuuzani kuti tengani chilichonse? Ndinaona kuti papita masiku simunatenge kanthu, ndiye ndinati palibe chimene mukufuna."

Sindinganene kuti munthu uja ndi woipa. Anaimba foni pomwepo kwa eni lole, tili chilili. Anamuyankha kuti zitsulo ndi mipando amazisunga kaye, koma mapepala amakatula tsiku lomwelo kumalo kumene amawagaya. Lolemba tinapitabe kumaloko, ine ndi Sungeni. Bambo wa pachipata anatisonyeza mitolo ya mapepala opanikizidwa, yaitali kuposa nyumba, n'kutiuza kuti ya sabata yatha inachoka Lachinayi.

Pobwerera, pa msewu waukulu, tinafika ku Whitby. Kumeneko ndinati, "Ndinakulangiza molakwa."

"Ndinafunsa dala, malume. Ndinkadziwa chimene muyankhe."

Sungeni anaimbira mayi wa kulaibulale uja n'kumuuza zonse. Mayiyo anapempha kuti mwina Sungeni alembe zimene akukumbuka pa zomwe ankamva, poti tsopano palibenso wina wamoyo amene anazimva. Sungeni anayesa Lamlungu masana, atabwera kutchalitchi. Zinakwana tsamba limodzi ndi theka. Anandiwerengera. Ndinkamufunsa pa mzere uliwonse ngati anamvadi choncho kapena akungoganizira. Maina a midzi ankawasokoneza. Mlimi wokwapulidwa uja sankadziwa ngati ndi yemwe anamwalira m'ndende kapena ndi wina. Zaka sanasunge n'chimodzi chomwe.

"Chimene ukukayika, fufuta," ndinamuuza. "Womasulira uja anavutika moyo wake wonse kuti asalembe bodza. Tisamunamizire ife."

Anafufuta. Inatsala mizere isanu. Anaitumiza momwemo, ndipo m'mawa mwake anapita kukayamba ntchito kwa mayi wina wokalamba wa ku Ajax amene salankhula.