Dzina la Tionge Linalembedwa

A Cornelius Kabaghe apukusa makina osendera khofi ku Misuku kwa zaka makumi atatu, mpaka phewa lakumanja linakula kuposa linzake. Bambo awo ankasenza matumba a khofi yemweyo pamutu kutsika nawo mapiri. Mukawafunsa ngati banja lawo linapita patsogolo, amaseka n'kunena kuti inde, katundu anachoka pamutu n'kufika paphewa.

Mwana anali mmodzi yekha, Tionge. Amayi ake atamwalira, a Kabaghe analumbira kuti uyu yekha sadzanunkha makoko a khofi. Anamuphunzitsa mpaka ku koleji ya zaulimi, ndipo mtsikanayo anakhoza bwino. Koma ntchito ili ndi eni ake. Anzake amene makolo awo ali ndi masitolo pa boma analowa m'maofesi chaka chisanathe, pomwe Tionge analemba makalata mpaka kutopa. Potsiriza anawoloka malire kupita ku Tunduma kukagulitsa zitenje m'sitolo ya munthu. Zaka zitatu zinadutsa osabwera, chifukwa kumeneko ukachoka sabata imodzi, pobwera umapeza wina atakhala pampando wako.

A Kabaghe anamusowa mwana wawo, kumusowa kwenikweni. Masatifiketi ake anawakulunga m'pepala la pulasitiki n'kuwaika pansi pa sutikesi, ndipo Lamulungu lililonse ankawatulutsa, ati kuona ngati chinyezi sichinalowe. Chinyezi chanji? Ankangofuna kuona kachithunzi kanali pakona.

Tsiku lina m'mwezi wa Julaye, khofi atapsa psuu, kunabwera anthu a kafukufuku. Amene anafika pakhomo pawo anali mtsikana wa ku Zomba dzina lake Esther, nsapato zili matope okhaokha.

“Mwaghona, adada,” anatero Esther, kuyesa moni wa m'chiyankhulo cha kumeneko, lilime likukana.

A Kabaghe anamuyankha m'Chichewa kuti asavutike. Esther anafunsa ntchito imene bambo awo ankagwira, imene iwo akugwira, kenako anafunsa za ana. Atamva za Tionge, anapempha dzina lake lonse, maphunziro ake ndi nambala yake ya foni, n'kuzilemba zonse m'kakompyuta kake.

Tsono kumapiri kuno aliyense amadziwa kuti mlendo akalemba dzina lako, pali chimene chikubwera. Fetereza amayamba ndi kulemba mayina. Ganyu wa pamsewu amayamba ndi kulemba mayina. Nanga munthu wafunsa mpaka za koleji, angakhale akufuna chiyani? Esther atangopita kunyumba ina, a Kabaghe anakwera kachitunda ka kuseri kwa tchalitchi, kumene foni imagwira.

“Tionge, bwera. Akulemba dzina. Afunsa ndi mapepala omwe.”

“Zoona, adada?”

“Ndaona ndi maso angawa.”

Mwanayo analira pafoni. Anati amaliza timasiku totsala m'mweziwo, atsanzike abwana ake, afika Loweruka.

M'mawa mwake anatenga masatifiketi aja n'kukamupeza Esther pafakitale, akucheza ndi azimayi osankha khofi. Esther ataona pulasitikiyo anazindikira, nkhope n'kugwa. Anawatengera pambali.

“Adada, pepani, mwina dzulo sindinafotokoze bwino. Ife sitilemba anthu ntchito. Tikungofufuza ngati ana amapeza bwino kuposa makolo awo, ndiponso chifukwa chake ena amakwera pomwe ena amatsalira pomwepo. Nambala ya Tionge ndi yoti timufunse mafunso ngati omwe ndinakufunsani inu.”

“Ndiye mukafufuza, mukapeza kuti sanakwere?”

“Tilemba kuti sanakwere.”

“Basi?”

Esther anayang'ana pansi. A Kabaghe anathokoza, yewo, chifukwa mwana wa eni sanalakwe kanthu. Anabwerera ku makina awo n'kupukusa mpaka dzuwa kupendeka.

Linali Lachitatu. Nthawi yomuuza Tionge kuti asasiye ntchito inalipo, yambiri. Lachinayi anakwera kachitunda kaja, foni ili m'manja, mayunitsi alimo. Anapeza dzina la mwana wawo, chala n'kuima pamwamba pake. Akaimba, Tionge asunga mpando wake wa ku Tunduma, ndipo zaka zina zitatu zidutsa. Anayang'ana nkhungu ikutsika m'nkhalango ya Mughese, foni n'kuibweza m'thumba. Lachisanu anakweranso, n'kutsikanso chimodzimodzi, ndipo pofika kunyumba anasesa chipinda cha Tionge, n'kuyanika bulangete lake padzuwa. Ankadziwa kuti akulakwa. Musaganize kuti sankadziwa.

Loweruka masana anali atafika kale pamsika, atavala jekete ya kutchalitchi. Galimoto ya matola inatulukira ikubuula pachitunda, fumbi lili koboo. Tionge anatsika ndi zikwama ziwiri, ndiye kuti katundu wake yense. Anali ataonda pang'ono, koma kuseka kwake kunali komwe kuja, kwa amayi ake. Anagwada pafumbi pomwepo n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri.

“Adada, ndagula ndi nsapato za ku ofesi. Akuti ndiyambe liti?”

A Kabaghe ananyamula chikwama chachikulu n'kuchiika paphewa lakumanja lija. Dzanja la mwana wawo sanalisiye.

“Tiye kaye kunyumba, mama,” anatero. “Njira ndi yaitali, ndikuuza tikuyenda.”