Mabuku a Ednah Anachoka pa Ngolo

Ednah Sakala anafika ku Chongwe kuchokera ku Petauke ali kamtsikana, atate ake atapeza munda kufupi ndi Chalimbana. Sukulu anailekera pa giredi naini, koma kuwerenga sanakuleke. Mwamuna wake atamwalira n'kumusiyira ana atatu, komiti ya m'deralo inamupempha kuti azisunga kalaibulale kamene aphunzitsi opuma pantchito anatsegula m'nyumba yakale yosungiramo feteleza. Anavomera poganiza kuti ndi za miyezi yochepa. Anakhalamo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Mabuku ake anali okalamba, ena a Chingerezi, ena a Chinyanja, ambiri opanda zikuto. Ednah ankawamata ndi phala la ufa wa chinangwa n'kuwakutira ndi zidutswa za chitenje. Chiswe chinkakwera m'mashelefu chaka ndi chaka, ndipo mvula ikayamba ankasuntha makatoni kuthawa podontha. Chimene chinkamuwawa kwambiri chinali anthu a m'mapuloti atsopano, ogwira ntchito ku Lusaka. Ankalowa kamodzi, n'kununkhiza fumbi, n'kuthokoza mwaulemu, osabweranso.

Amene sankaphonya anali Yotam Njobvu, mlimi woweta nkhumba wa ku Nkomeshya. Ankabwera pa njinga Lachisanu lililonse kudzabwereka kabuku ka Chinyanja ka matenda a ziweto, pamodzi ndi buku limodzi la nkhani lokawerengera mkazi wake, amene maso anali atayamba kumuvuta.

Chaka china kunabwera mayi wachitsikana dzina lake Clarissa, wochokera ku kampani ina ya ku Lusaka yobwereketsa mabuku pa foni ndi pa tabuleti. Anaika tabuleti m'manja mwa Ednah n'kumuuza kuti akhudze galasi. Mabuku anatuluka mazanamazana, oyera, opanda tsamba long'ambika. Clarissa anafotokoza kuti bungwe lina lapereka matabuleti asanu ndi limodzi ndi sola, ndipo lilipira kampaniyo kwa zaka ziwiri. Chofunika chinali malo a matebulo basi. Koma chipinda chinali chaching'ono, choncho mashelefu anayenera kutuluka.

Pa msonkhano, a Tenson, wapampando wa komiti, anati ndi bwino kusiyako khoma limodzi la mabuku akale, poti chatsopano sadziwa makhalidwe ake. Ambiri anagwedeza mitu kuvomereza. Amene anaimirira kutsutsa anali Ednah mwiniwake.

"Ba Tenson, ine nalema kumenyana na chiswe," anatero. "Lekani bana bathu baoneko vamene banzawo baona ku Lusaka."

Poti ndiye ankagona ndi kudzuka ndi mabukuwo, komiti inavomera. Loweruka lotsatira Ednah anabwereka ngolo ya ng'ombe. Mabuku abwinoko anapita kusukulu ya pafupi, ena anatoleredwa ndi aliyense wodutsa, ndipo otsala anatengedwa ndi amayi a pamsika kukakulungira zitumbuwa ndi tinsomba ta kapenta. Ednah anasesa chipinda akuimba.

Miyezi yoyamba zinthu zinayendadi. Ana a sukulu ankachita kulimbirana mipando, ndipo ophunzira zauphunzitsi ankapeza mabuku amene kale ankawakwerera minibasi. Ednah anaphunzira kutchaja, kufufuza ndi kukulitsa zilembo, ndipo ankanyadira.

Yotam atabwera, Ednah anamukhazika pansi n'kufufuza limodzi. Za nkhumba zinalimo, koma za m'Chingerezi, zonena za makola a mayiko ozizira. Buku la Chinyanja munalibe ngakhale limodzi. Tabuleti sinkaloledwa kutuluka pakhomo, ndipo foni ya Yotam inali ya mabatani.

"Manje amai kunyumba nizabawerengera chani?" anafunsa.

Ednah anamuuza kuti adikire pang'ono, a kampani alonjeza kuikamo za Chinyanja. Yotam anavala chipewa, n'kutsanzika bwinobwino, n'kukwera njinga yake. Sanabwerenso. Patapita chaka Ednah anamva kutchalitchi kuti mkazi wa Yotam anaikidwa kale m'manda, ndipo anachita manyazi kupita kukapepesa.

Zaka ziwiri zitatha, bungwe lija linasamukira ku boma lina. Kampani inafuna kuti komiti izilipira yokha, koma komiti inalibe poyambira. Lolemba lina m'mawa Ednah anayatsa matabuleti onse, ndipo iliyonse inangolemba kuti nthawi yatha. Anaimbira Clarissa n'kufunsa ngati angasiyeko ngakhale mabuku a ana amene anawazolowera.

"Mami, mabuku aja sanali anu," anayankha Clarissa ndi mawu ofatsa. "Munali kubwereka chabe."

Amene anali ndi mafoni akuluakulu anayamba kulipira okha n'kumawerengera kunyumba. Amene analibe anabwera kwa milungu ingapo, n'kupeza matebulo okhaokha, n'kuleka. Ednah anayenda khomo ndi khomo kupempha mabuku akale. Kusukulu anamuuza kuti analowa kale m'kaundula wawo. M'makomo anapezako makumi atatu ndi anayi, ena atathera kuyatsira mbaula. Komiti itaona kuti palibe wolowa, inapereka chipindacho kwa munthu wogulitsa mbewu ndi mankhwala a m'munda.

Lero Ednah ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi chimodzi. Amaweta nkhuku, amalima tomato, ndipo amaimba m'kwaya ya amayi. Mabuku amene anapulumutsa ali m'sutukesi pansi pa bedi, ndipo wofuna amabwereka popanda kulembetsa, ngakhale kuti odziwa zimenezi ndi ochepa. Anthu akamadzudzula kampani ija iye sathirirapo ndemanga, amangoti kampani sinakweze buku lililonse pa ngolo.

Mwana wake wamkazi, Peace, amene ndi namwino ku Lusaka, anamugulira foni yaikulu n'kumulipirira mabuku a pa intaneti. Ednah amawerenga masana pakhonde, ndipo amavomereza kuti zilembo zake zimaoneka bwino kuposa za papepala. Mwezi wathawu anamaliza nkhani ina imene inamugwetsa misozi, ndipo anadzuka kuti akaipereke kwa mnzake wa m'kwaya. Atafika pa mpanda anaima, n'kuyang'ana foni ili m'manja, n'kukumbukira kuti nkhaniyo singachokemo, n'kubwerera kukamwetsa nkhuku.