Tsiku Limene Ndidakana a Nhantumbo

Abambo anga, a Salomao Nhantumbo, adafika ku Joni pa sitima ali mnyamata, kuchokera ku Chibuto ku Mozambiki. Mgodi udawadya zala ziwiri n'kuwalavula. Atachira adapeza ntchito yokolopa m'nyumba ina yosanjikana kakhumi n'kanayi kuno ku Hillbrow. Masiku amenewo m'menemo munkakhala azungu okhaokha: Agiriki, Ayuda, Apwitikizi. Antchito akuda ankagona m'tizipinda ta padenga, pafupi ndi thanki yamadzi.

Kenaka azungu adayamba kusamuka mmodzimmodzi. Kudabwera Amwenye, kudabwera a ku Soweto, pambuyo pake a ku Bulawayo, a ku Kinshasa, a ku Lagos. Momwe munkagona mzungu mmodzi ndi mphaka wake mudadzaza mabanja anayi, malire ake nsalu zopachika pa waya. Abambo sadasunthe. Chikepe chitafa, ankatungira nkhalamba madzi n'kukwera nawo masitepe mpaka pamwamba. Aliyense ankamupatsa moni m'chinenero chakwawo, ngakhale mokhotakhota. Akongo adawatcha Meya.

"A Meya, mpopi wauma!"

"Ndikauza nduna zanga," ankayankha motero, sipanala ili kale m'manja.

Ine ndidabadwira pansanjika yachisanu ndi chinayi. Malemu amayi anali Mzulu wa ku Ladysmith, ndipo kusukulu ndinkalembetsa dzina lakwawo, Nokuthula Hadebe. Chizulu cha abambo chinkamveka Chishangani chakwawo, ndipo anzanga akabwera ndinkapemphera kuti asatsegule pakamwa.

M'mwezi wa Meyi, 2008, mzinda udapenga. Anthu ankasaka obwera ngati mbewa, kuiwala kuti muno aliyense adachita kubwera. Ine n'kuti ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Tsiku lina masana ndinkaperekeza abambo kuchipatala kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Tili pamzere wa minibasi, padatulukira amuna anayi, wina atanyamula chibonga. Wamtali adagwira chigongono chake.

"Madala, ichi mumachitcha chiyani m'Chizulu?"

Abambo liwulo ankalidziwa. Adalitchula, koma lilime lidawapereka.

"Mwamva, amangwetu? Kwerekwere uyu, wobwera! Wadya zathu mpaka imvi!"

Kenaka adatembenukira kwa ine. "Sisi, ndi ako awa?"

"Ayi," ndidatero, m'Chizulu chosalala cha amayi. "Ndangowapeza pamzere pano."

Palibe adandiwopseza. Palibe adandigwira ngakhale chala. Ndidangonena, n'kusendera pambali.

Khofi loyamba lidagwetsa chipewa cha abambo. Lachiwiri lidang'amba mlomo. Kadi lakuchipatala lidagwera m'madzi akuda a m'ngalande. Abambo sadakuwe, ndipo sadayang'ane kumene kunali ine.

Adawapulumutsa ndi MaKhuzwayo, mayi wa m'nyumba yathu yosanjikana ija yemwe ankawotcha chimanga pakona. Adabwera atanyamula waya wowotchera, utsi uli tolotolo, n'kuloza wamtali uja.

"Iwe Mxolisi, galu wopanda mchira! Amako atagwa pamasitepe ndi mimba ya iweyo, adawabereka ndani kutsika nawo? Si mkulu ameneyu? Um'khudzenso uwone, ndikulemba nkhope ngati chimanga!"

Anthu pamzere adayamba kung'ung'udza, wina adaseka, amuna aja adachoka akutukwana. MaKhuzwayo adatola chipewa, adachisasa, adawaveka abambo. Atatero adandiyang'ana. Mayi ameneyu adandisambitsapo ndili khanda. Kenaka adabwerera kumakala ake.

Kuchipatala sitidapitenso. Kunyumba ndidawapeza abambo akutsuka mlomo ndi madzi amchere.

"Papa..."

"Wachita bwino, mwanangu. Akadakugwira iweyo, ndikadakawauza chiyani amako tikadzakumana?"

Ndidalakalaka akadanditukwana.

Adakhalanso zaka zisanu ndi ziwiri, akukonza mipopi, akuyanjanitsa okangana chifukwa cha zingwe zoyanikira. Nkhani ija sadaitchuleponso. Koma kuyambira tsiku limenelo, tikatuluka limodzi ankatsalira m'mbuyo mapazi khumi, ndipo pamsewu sadanditchulenso dzina. Ndikaima kuwadikira, nawo ankaima n'kumayang'ana za m'mawindo a sitolo.

"Papa, tiyendere limodzi."

"Bondo ili, mwanangu. Tsogola."

Bondo lomwelo linkakwera masitepe ndi ndowa ziwiri.

Atadwala komaliza ndidawafunsa ngati tidzawatengere ku Chibuto. Adaseka mpaka kutsokomola. "Kumeneko ondidziwa adatha. Ukandisiya kwa alendo?" Tidawaika konkuno.

Ine ndidakwatiwa, ndimagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, ndikukhalabe ku Hillbrow. MaKhuzwayo wakalamba koma akuwotchabe chimanga pakona pomwe paja. Popita kuntchito ndimazungulira msewu wakumbuyo.