Mlomo wa Mbewa

Mwana wa mkulu wanga anabadwa ndi mlomo wong'ambika. Asanatuluke n'komwe m'chikuta, apongozi aakazi a mkulu wangayo anali atagamula kale mlandu: akuti mkulu wanga anadya mbewa ali ndi pakati, ndipo mbewa mlomo wake ndi wogawikana. N'zoona anadya. Kwathu ku Mtakataka ndani sadya mbewa anthu akakolola? Madokotala anamusoka bwinobwino mwanayo, koma mayi wake, munthu wanthabwala uja, anasiya kuseka. Ankakhulupirira kuti analumaza yekha mwana wake.

Zinandipweteka, ndipo ine ndine waliuma. Nditapeza mwayi wokapitiriza maphunziro a sayansi kunja, ndinasankha labotale yofufuza mmene nkhope imapangikira m'mimba. Nyama yofufuzirapo? Mbewa! Zoyera mbee, zodyetsedwa ngati ana a bwana.

Ntchito yanga inali kutenga tiana ta mbewa tosabadwa, tochepa ngati njere ya mpunga, n'kutiviika m'mankhwala. Mankhwalawo amasandutsa buluu malo okhawo pamene jini, kalangizo ka chibadwa, ikugwira ntchito. Miyezi yoyamba ndinkangotiphwanya ndi manja anga ozolowera khasuwa. Sindinagwe ulesi. Patapita nthawi ndinaona ndi maso anga pa maikulosikopu: mbali za nkhope zimayamba zili zotalikirana, m'mphepete muli buluu, n'kumasendererana mpaka kukumana pansi pa mphuno. Jini ikazima msanga, mpata umatsala.

Nditabwera kutchuthi ndinapita kwa apongozi aja, zithunzi zili mufoni, ndikudzimva kuti lero ndiye lero.

“Kameneka n'kachiyani?” anafunsa.

“Kamwana ka mbewa, amayi.”

“Ehee! Mwadzimvera nokha. Ngakhale akunjawo akuti ndi mbewa.”

Ndinatsala pang'ono kuiponya kutchire foniyo.

M'mawa mwake ndinaperekeza mkulu wanga kumsika wa Golomoti, n'kuyambiranso kufotokoza. Titafika pamsewu wa tala, anandidula mawu.

“Iwe, nanga kwa munthu mlomowo umatsekeka liti?”

“Koyambirira kwenikweni, achemwali. Mwina mayi asanatsimikize n'komwe kuti waima.”

Anaima chilili, dengu lili pamutu. “Mwanayu anabadwa nyengo yotentha, mvula isanagwe. Mbewa zija ndinadya kukuzizira, mimba ikuoneka kale.”

“Ndiye kuti mlomo unali utapangika kalekale, chimanga chisanakhwime n'komwe.”

Anatula dengu, n'kukodola bambo wina amene ankagulitsa mbewa pafupi ndi maminibasi. Anatenga mipani iwiri. Umodzi anadyera pomwepo, misozi ili chuchuchu, anthu akumuyang'ana. Inenso ndinalira, osachita manyazi.

Winawo anaukulunga m'chitenje.

“Umenewo ndi wa alamu?” ndinafunsa.

“Ayi,” anatero akupukuta pakamwa. “Uwu ndikadyera pakhonde pa apongozi.”